Mnyamata wa ulimba walandira uthenga wochokera ku Germany, ayankhe bwanji?

Malume wa ku Tengani:
Akuluakulu ndi amayi a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 19, amaimba ulimba, chida chija cha matabwa ndi zikho, ndi anzake awiri, komanso amapeka nyimbo zake pa gitala. Mwezi watha anaika kavidiyo pa Facebook. Tsopano bambo wina amene akuti ali ku Germany wamulembera kawiri. Akuti nyimbo yamusangalatsa, akufunsa ngati pali zina zojambulidwa bwino, akufuna mawu ake ndi tanthauzo, ndipo akuti angakonde kutumiza kangachepe kothokoza. Mnyamatayu sanayankhebe. Chingerezi chake n'cha Fomu 2, ndipo mayi ake akuti amenewo ndi akuba a pa foni. Ayambire pati?

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Ayankhe, a malume, sabata ino isanathe. Kuyankha moni sikuluzitsa kanthu, koma munthu akalemba kawiri osayankhidwa amangoti sakundifuna, n'kupita kwina. Kalata yoyamba ikhale ya mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Athokoze, anene dzina lake loimbira, anene kuti ali ku Nsanje kum'mwera kwa Malawi, atchule chida chimene chikumveka mu vidiyomo ndi kuti amaimba atatu. Kenako nayenso afunse: nyimboyi mwaipeza bwanji, nanga inuyo mumachita chiyani pa nkhani ya nyimbo? Funso lachiwirili asaliiwale. Wongokonda nyimbo, wophunzira za nyimbo ku yunivesite, DJ ndi mwini kampani yogulitsa nyimbo onse amayamba ndi mawu ofanana, koma zimene adzapemphe mawa n'zosiyana kutalitali.

Za Chingerezi asade nkhawa, Mjeremani nayenso Chingerezi si cha kwawo. Ziganizo zazifupi, mfundo imodzi pa chiganizo. Akafuna thandizo la Google Translate alembe Chichewa chosalala, chopanda miyambi, osasakaniza ndi Chisena, chifukwa pamenepo makina amatulutsa zopanda mutu. Akamasulira atembenuzenso Chingerezicho kubwerera ku Chichewa, aone ngati tanthauzo lidakalipo.

Mu kalata yoyamba asaikemo za fizi, za njala kapena za nyumba imene inagwa ndi madzi. Ngakhale zili zoona, munthuyo wabwerera nyimbo. Akayamba ndi madandaulo, wachilungamo amachita mantha n'kuthawa, pomwe wakuba amasangalala chifukwa waona pogwira.

Mayi a Tadala, Dyeratu:
Ine ndili kumbali ya mayi ake. Mzungu wanji ameneyo wosowa nyimbo kwawo mpaka kukasaka ku Tengani? Angomubloka basi. Ana athu akupusitsidwa tsiku ndi tsiku ndi mawu omwewa akuti kangachepe.

Ejenti wa pa Bangula:
Mayi, mantha anu ali ndi maziko, koma wakuba amadziwika msanga mukadziwa poyang'ana. Ndalama iziyenda kuchokera uko kubwera kuno. Tsiku limene munthuyo, kapena wina aliyense wotchula dzina lake, adzanene kuti mnyamata atumize kaye kenakake, nkhani yathera pomwepo.

Njira zawo sizisinthasintha. Yotchuka ndi ya katundu: akuti ndakutumizira laputopu, gitala ndi ndalama mu katoni, mawa lake wina akuimba kuti ndili ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport, katundu wanu wagwidwa, tumizani ya kasitomu pa nambala iyi. Ina ndi ya kulakwitsa: uthenga ukubwera woti mwalandira ndalama zambiri, kenako akuti ndaonjeza mwangozi, bwezani zapamwambazo. Uthenga umenewo umachokera pa nambala wamba, ndipo mukayang'ana mu akaunti mulibe kanthu. Osakhulupirira SMS, imbani *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone nokha balansi. Yachitatu ndi ya manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa SMS. Amati ndiwerengereni kuti ndikulowetseni mu gulu la oimba. Mukawerenga, WhatsApp yanu yapita, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Mnyamatayu lero lomwe alowe mu Settings, Account, atsegule Two-step verification, aike PIN yake. Achitenso chimodzimodzi pa Facebook.

Achemwali a ku Hamburg:
Ndiyankheko a Mayi a Tadala. Okonda nyimbo za kwathu kuno alipo ndithu, ena amasonkhanitsa nyimbo za ulimba, kalimba ndi bangwe ngati mmene ena amatsatira mpira. Kumubloka osamufufuza n'kutaya mwayi pachabe.

Kufufuza kwake sikovuta. Afunse dzina lonse ndi mzinda umene amakhala, alembe dzinalo pa Google. Ayang'ane akaunti yake ya Facebook: yatsegulidwa liti, anzake amamulembera m'Chijeremani kodi, zithunzi ndi za zaka zosiyanasiyana kapena zonse zinaikidwa tsiku limodzi? Nambala ya ku Germany imayamba ndi +49, koma imeneyo payokha si umboni, nambala zimagulidwa. Chimene chimagwira wakuba ndi vidiyo kolo. Apemphe ya mphindi zisanu zokha, a malume mukhalepo, mnyamata amufunse funso limene sanakonzekere, monga kuti mbali iti ya nyimbo inakusangalatsani. Wachilungamo amavomera, mwinanso amanyadira kuona chidacho. Wakuba kamera yake imakhala yowonongeka nthawi zonse, kapena ali pa sitima ya pamadzi, kapena ndi msilikali woletsedwa kuonetsa nkhope.

Mayi a Tadala, Dyeratu:
Chabwino, koma wamkulu akhalepo ndithu. Ndipo kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ana osakwana zaka 18, makamaka atsikana a m'makwaya, foni yoyankhira ikhale ya kholo. Munthu akayamba kupempha zithunzi zosakhudza nyimbo, kapena kunena kuti usauze makolo ako, musadikire china chilichonse. Jambulani mauthengawo, pitani nawo ku polisi.

Wa situdiyo ku Nchalo:
Izo zagwira. Ine ndilowe pa zojambula, chifukwa ambiri amagwa pamenepa. Munthu wamva kavidiyo, wapempha zomveka bwino, mnyamata akumutumizira voice note ya pa WhatsApp. Voice note inapangidwira kulankhula, imafinya mawu, ndipo ulimba umatuluka ngati zitini. Sikuti mpaka abwere ku situdiyo ayi, foni yomweyo ikwanira akatsata izi.

Aike pulogalamu yojambulira mawu imene imalola kusankha WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, asankhe 44.1 kHz, 16 bit. Ngati muli posankha pa noise reduction kapena voice enhancement, azimitse. Zimenezo zimamva kunjenjemera kwa zikho za ulimba ngati phokoso, n'kumakudula, pomwe kukoma kwa chida kuli pomwepo. Foni aiike pa flight mode kuti wina asaimbe pakati pa nyimbo.

Foni isagwidwe m'manja ndipo isaikidwe pansi. Ikhale pa mpando, pansi pake pali nsalu yopindapinda, kutalika kwake kupitirira pang'ono pamwamba pa matabwa a ulimba, mtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, maikolofoni italoza pakati pa chida. Mukaiyandikitsa kwambiri mawu amasweka, komanso mbali imene ili pafupi imakwirira inzake. Woimba ndi pakamwa akhale pafupi ndi foni kuposa ena onse. Wa maseche ndi wa ng'oma abwerere m'mbuyo mapazi atatu kapena anayi, chifukwa maseche amabaya maikolofoni ya foni kuposa mmene khutu limamvera. Jambulani masekondi 20, mverani pa mahedifoni, sunthani anthu, jambulaninso, mpaka chilichonse chimveke. Mukatero ndiye muyambe nyimbo yeniyeni, ndipo musiye masekondi atatu a zii kumayambiriro ndi kumapeto.

Nthawi yabwino kuno ndi m'mamawa, cha m'ma 5 mpaka 7, chigayo chisanalire ndi njinga zamoto za kabaza zisanachuluke. Masana a Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, foni imatentha n'kudzizimitsa nyimbo ili pakati. M'kalasi kapena m'tchalitchi cha malata musajambuliremo, mawu amabwerera kuchokera m'makoma ndipo malata amathetheka dzuwa likawomba. Pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kumene mphepo sikufika, n'kwabwino. Kukakhala kamphepo, vekani foni sokosi yopyapyala kumene kuli maikolofoni. Nkhuku zitsekeredwe kaye, ngakhale tambala mmodzi wolira patali alendo sadana naye.

Mkulu wa ulimba, Makhanga:
Takhuta achimwene a ku Nchalo. Koma foni ingajambule bwino chida chodwala? Dzulo lake ayendere chikho chilichonse. Chong'aluka amate ndi phula. Timabowo ta m'mbali mwa zikho timene timatsekedwa ndi kansalu koyera ka kangaude, kapena kapulasitiki kopyapyala monga achitira anyamata a masiku ano, aone ngati sikanabooke kapena kulefuka, chifukwa thabwa lopanda kunjenjemera limamveka lamanyazi pakati pa anzake. Zingwe zomangira matabwa zisathine kwambiri, thabwa lothinidwa silirira. Mphira wa kumitu ya timitengo toimbira akatha, mawu amauma. Kukakhala chinyezi, aike chida padzuwa la m'mawa kanthawi kochepa.

Thabwa likasokonekera mawu, kupala pansi pake pakatikati kumatsitsa mawu, kupala kunsonga kumakweza. Apale pang'onopang'ono, chopalidwa sichibwerera. Koma ndichenjeze: asayerekeze kusintha mawu a ulimba kuti afanane ndi gitala kapena kiyibodi poganiza kuti mzungu amva ngati walakwika. Machunidwe athu ndi ena, ndipo amene amadziwa nyimbo akufuna omwewo. Mlendoyo akafunsa za machunidwe, amujambulire thabwa lililonse palokha, kuyambira lalikulu mpaka laling'ono, kumenya kamodzi n'kudikira lithe kulira.

China, si nyimbo iliyonse yotumiza. Za pa chisangalalo, za paukwati, zopeka yekha, atumize. Za kuchinamwali, zina za pamaliro, ndi chilichonse chokhudza ku Khulubvi kwa Mbona zili ndi eni ake. Mwana wa zaka 19 alibe mphamvu yozipereka, ngakhale atazidziwa. Mlendo akazifuna, njira yake ndi kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambowo, ndipo akakana, kwatha.

Wa situdiyo ku Nchalo:
Pa katumizidwe. WAV ya sitiriyo imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, ndiye nyimbo ya mphindi zisanu ndi 50 MB. MP3 ya 320 kbps ndi pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, ya 128 kbps ndi 1 MB. Poyamba atumize MP3, nyimbo ziwiri kapena zitatu, WAV asunge. WAV ndiye katundu weniweni, amene munthu angapangire chimbale kapena kuika mu filimu, ndipo imatuluka pokhapokha mwagwirizana. Pa WhatsApp atumize ngati Document kuti fayilo ifike mmene ilili. Pa Gmail fayilo yoposa 25 MB siyilowa, imasanduka linki ya Google Drive, ndipo Drive yaulere ndi 15 GB. Pogawa linki asankhe Viewer, osati Editor, apo ayi winayo angathe kusintha kapena kuchotsa zinthu mu foda.

Fayilo isapite ndi dzina loti AUD-0003. Alembe dzina la woimba, dzina la nyimbo, Tengani, ndi chaka. Ku midzi imene netiweki imadukaduka, akweze mafayilo usiku kwambiri kapena apite pa Bangula kapena pa Boma. Amene muli cha ku Marka, yang'anani kuti foni sinalumphire pa netiweki ya ku Mozambique musanayatse data.

Ndipo kope lachiwiri likhale pa Drive, lachitatu pa memori khadi yotsekeredwa m'kabotolo kouma, kopachikidwa kudenga. Namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anatiphunzitsa kumene mafoni amathera madzi akabwera usiku.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Chifukwa chomwecho, akangodziwana asamukire ku imelo. Akaunti ya Facebook imabedwa, foni imagwa m'madzi, koma imelo imasunga kalata iliyonse ndi tsiku lake. Zimene agwirizana pa vidiyo kolo azilembenso mu imelo tsiku lomwelo: lero tagwirizana zakutizakuti, kodi ndi choncho? Winayo akayankha kuti inde, umenewo ndi umboni.

Mawu a nyimbo atumize m'magawo atatu. Mzere mmene umaimbidwira, pansi pake kumasulira liwu ndi liwu, kenako ndime yaifupi yofotokoza chimene nyimbo ikunena kwenikweni ndi nthawi imene imaimbidwa. Gawo lachitatuli ndi limene mlendo sangalipeze kwina kulikonse, pakuti nyimbo zathu zimazungulira, zimatchula ng'ona zikunena munthu. Anene ngati ndi Chisena, Chimang'anja kapena zosakaniza. Ngati nyimbo ikunyoza munthu wamoyo wa m'mudzi momutchula dzina, imeneyo aisiye, intaneti imabweza zinthu kumudzi.

Alembenso mayina a onse oimba, amene anapanga chida, mudzi ndi tsiku. Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula nyimbo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, za Amang'anja zili momwemo, nthawi imene Nsanje inkatchedwa Port Herald. Zojambulazo zikusungidwa mpaka lero ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Chimene chinalembedwa pa tsiku lojambula ndi chimene chimayenda ndi nyimbo zaka zonsezi, ndipo amene dzina lake silinalembedwe palibe angamutchule.

Malume wa ku Tengani:
Ndikulemba zonse. Nanga akanena kuti akufuna kuika nyimbozi pa YouTube yake kapena pa Spotify kuti amuthandize kutchuka?

Kalaliki wa pa Boma:
Apa ndiye pofunika kudekha, a malume, chifukwa munthu wabwino yemwe angathe kukupwetekani osadziwa. Nyimbo imene mnyamata wapeka ndi yake kuyambira tsiku limene waipeka n'kuijambula kapena kuilemba, ngakhale asanalembetse kulikonse. Lamulo lake ndi Copyright Act ya 2016, ndipo popeza Malawi analowa mu pangano la Berne la mayiko loteteza umwini wa zopeka mu 1991, umwini umenewo umalemekezedwanso ku Germany. Kulembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zopeka zina m'Malawi, kumathandiza pa zinthu ziwiri: umboni, ndi kutolera ndalama nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo a malonda. Alembetse nyimbo zake zopeka zisanayambe kuyendayenda. Ku Germany bungwe la ntchito ngati imeneyi ndi GEMA, mlendoyo akakhala wa zoimbaimba alidziwa.

Kubwereka ndi kugulitsa n'zosiyana. Mu kalata ya Chingerezi akaona mawu akuti assign, transfer, all rights, exclusive kapena in perpetuity, asasaine, amenewo akutanthauza kuti nyimbo yachoka m'manja mwake, mwina mpaka kalekale. Chimene angavomere poyamba ndi non-exclusive licence, ndiye kuti chilolezo chogwiritsa ntchito pomwe mwini adakali ndi ufulu wopatsanso ena. Chilolezocho chinene nyimbo iti, igwiritsidwe ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndalama zingati, ndi kuti dzina la woimba lilembedwe motani. Chinenenso ngati akuloledwa kudula kachidutswa n'kukaika mu nyimbo ina, chifukwa a DJ amakonda zimenezo, ndipo mtengo wake ndi wapadera.

Pa Spotify munthu saika yekha nyimbo, amadzera ku makampani ogawa monga DistroKid kapena TuneCore. Amene watsegula akaunti kumeneko ndi amene amalandira ndalama. Choopsa china, kampani yogawayo ikalembetsa nyimbo ku Content ID ya YouTube, makina ozindikira mwini nyimbo, makinawo amayamba kuona mnyamata ngati wakuba pa vidiyo yake yomwe, ndipo ndalama za malonda a pa vidiyoyo zimapita kwa winayo. Ndiye ngati mlendo akufuna kuthandiza, akaunti itsegulidwe m'dzina ndi imelo ya mnyamata, iye angolipirira. Ngati akungofuna kuuza anzake, agawe linki ya vidiyo imene mnyamata anaika kale.

Nyimbo za makolo zimene palibe akudziwa anazipeka ndani ndi nkhani ina. Mnyamata asalembe kuti anapeka ndi iye. Lamulo lomweli limateteza za chikhalidwe, ndipo zikafika pa malonda afunse kaye ku COSOMA za chilolezo. Chake pamenepo ndi kaimbidwe ndi chojambulacho.

Mkulu wa ulimba, Makhanga:
Ndipo chojambulacho si chake yekha. Ulimba saimba munthu mmodzi. Anzake awiri aja, ndi mwini chida ngati n'chobwereka, akhale pansi ndalama isanabwere, agwirizane kagawidwe, alembe papepala, asaine onse pamaso pa a malume. Magulu ambiri amatha pa ndalama yoyamba, chifukwa amene ali ndi foni amayesedwa kuti wabisa zina. Uthenga uliwonse wa ndalama aziwaonetsa anzakewo ndi maso.

Ejenti wa pa Bangula:
Kalandiridwe kake. Njira zodziwika ndi Western Union, MoneyGram, Mukuru ndi WorldRemit, zina mwa izi zimatha kuponya molunjika mu Airtel Money kapena Mpamba. Wotumizayo ayang'ane kwawoko imene ikulola kutumiza ku Malawi ndi mtengo wake. Chimene akufunika kupatsidwa ndi dzina lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya foni yoyamba ndi +265, ndi boma limene amakhala. PIN ayi, chithunzi cha chiphaso ayi, manambala a pa khadi ya ku banki ayi.

Zimene zimavuta kawirikawiri ndi dzina. Mlendo amalemba dzina loimbira, kapena amasemphanitsa chilembo chimodzi, ndipo pa kauntala amakana kupereka mpaka wotumiza akakonze. Mnyamata alembe dzinalo mu imelo chilembo ndi chilembo, wotumiza angokopera. Nambala ya foni ikhale yolembetsedwa m'dzina lomwelo, osati simu ya mayi ake. Pa Western Union pamakhala nambala ya MTCN ya manambala 10, imeneyo asauze wina aliyense kufikira ali pa kauntala. Ngati ndalama ikubwera pa foni, afunse kaye kwa ejenti malire a ndalama imene akaunti yake ingasunge, chifukwa ikapitirira imakanika kulowa.

Asanalandire afunse mu imelo: iyi ndi mphatso, kapena ndi malipiro a chiyani? Mawu amodzi amenewo amateteza mawa, munthu asadzanene kuti ndinagula nyimbo zija. Ndipo akamagwirizana mtengo wa ntchito imene idzalipidwe patsogolo, autchule mu euro. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anatchula mtengo mu kwacha anangoona ndalama yasungunuka.

Achemwali a ku Hamburg:
Ndionjezere za khalidwe la makalata, chifukwa maubale ambiri amafa popanda wakuba aliyense. Kuno anthu salemberana moni tsiku lililonse. Uthenga wa m'mawa uliwonse woti mwadzuka bwanji, umene kwathu ndi ulemu, kuno umatopetsa, ndipo kuimba foni osapangana kumadabwitsa. Kalata imodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, yokhala ndi kanthu: nyimbo yatsopano, chithunzi cha chida chikukonzedwa, yankho la funso limene anafunsa. Akachedwa kuyankha masiku khumi si kuti wakwiya. Asamutche daddy, boss kapena sponsor. Ayambe ndi Mr ndi dzina la bambo ake, mlendoyo akasaina ndi dzina loyamba, nayenso atero.

Lonjezo ndiye amaligwira kwambiri. Akanena kuti nditumiza Lachisanu, atumize Lachisanu. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, alembe mzere umodzi kuti zachedwa, zifika Lolemba. Kungokhala chete ndi kumene kumaononga. Ndi bwino kulonjeza masabata awiri pa ntchito ya sabata imodzi.

Mnyamata wa gitala, Chapananga:
Funso langa akuluakulu. Akafunsa kuti ndikuthandize chiyani, munthu anene chiyani osaoneka wadyera?

Wa situdiyo ku Nchalo:
Atchule chinthu chimodzi chokhudza nyimbo, ndi mtengo wake weniweni. Bandulo yotumizira mafayilo, mawaya a gitala, tsiku limodzi la situdiyo, kapena kachojambulira mawu ka m'manja monga timene amapanga a Zoom ndi a Tascam. Akasankha kachojambulira, kakhale koyendera mabatire wamba ogula pa golosale, chifukwa mapositi ambiri amakana katundu wa mabatire a lithium, komanso kumudzi kopanda magetsi n'kothandiza. Akalandira ndalama ya chinthu, atumize chithunzi cha chinthucho ndi risiti. Amene waona risiti yoyamba savuta kuthandizanso.

Kalaliki wa pa Boma:
Katundu weniweni amakhala ndi tracking number imene mumatha kuilondola nokha pa intaneti. Amafikira ku positi ofesi kapena ku kampani yonyamula katundu, ndipo msonkho ukakhalapo ndi wa MRA, umalipidwa pa kauntala, risiti n'kupatsidwa. Adiresi ikhale ya P.O. Box, ya sukulu kapena ya tchalitchi mutapempha chilolezo, ndi nambala ya foni pa katoni. Wotumiza alembe mtengo woona pa fomu ya kasitomu.

Achemwali a ku Hamburg:
Mbali inayo, mlendo akafuna kugula chida. Ulimba wathunthu musayese pa positi, zikho zimafika zitasweka ndipo mtengo wotumizira umaposa wa chida. Kalimba kakang'ono n'kotheka. Ng'oma ya chikopa ndi zikho zofumbwa zimavuta pa malire a mayiko ambiri, afunse kaye kasitomu ya kwawo. Ku Germany mphatso yochokera kwa munthu kupita kwa munthu imalowa popanda msonkho ngati mtengo wake sukupitirira 45 euro, koma chogula chimalipiridwa msonkho ngakhale chitachepa mtengo. Ndalama ya chida ndi ya positi ifike kaye, katundu anyamuke pambuyo.

Za kuitanidwa kukaimba kunja, tisathamange, makalata awiri okha. Zikadzafika, kalata yoitana imachokera ku bungwe lokonza chikondwerero, lotchula masiku, malo ogona ndi amene alipire ndege. Viza ya Schengen, yolowera ku Germany ndi mayiko ena a ku Ulaya, ndi 90 euro kwa wamkulu, ndipo imalipidwa ku ofesi yovomerezeka yokha, osati pa nambala ya munthu. Chikondwerero chopempha woimba ndalama yolembetsera kuti chimutumizire tikiti n'chabodza.

Mayi a Tadala, Dyeratu:
Mwandigonjetsa pang'ono, koma chimodzi ndikakamira. Mnyamata asasiye zimene amachita, kaya ndi kumunda, kaya ndi ganyu ya ku mizimbe, kaya kuimba m'maukwati, chifukwa cha mzungu mmodzi. Mlendo ndi mame. Ndipo m'mudzi asalengeze, mawa anthu ayamba kubwera kudzakongola ndalama imene sinabwere n'komwe.

Aphunzitsi a ku Ngabu:
Zoona mayi. Nyimbo zomwe ajambulezo apititsenso ku mawailesi a Gaka ndi Nyanthepa, omvera a kuno ndi amene amamuitana kukaimba.

Malume wa ku Tengani:
Takhuta nonse. Tagwirizana chonchi: kalata yaifupi ipita mawa, tipempha vidiyo kolo Loweruka, MP3 ziwiri zipita tikamuona nkhope, WAV ikhala. Pepala la kagawidwe anyamata asaina madzulo ano. Tikufuna kolo ikhale 5 koloko madzulo kukazizira, ndiye timuuze nthawi yanji ya kwawo?

Achemwali a ku Hamburg:
Kuyambira Lamulungu lomaliza la Marichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala nthawi ya ku Germany ndi ya ku Malawi n'zofanana. Miyezi inayo Germany imatsalira ndi ola limodzi. Popeza tili mu Novembala, 5 koloko yanu ndi 4 koloko yake. Mulembe zonse ziwiri, 17:00 Malawi, 16:00 Germany, chifukwa kuno amawerenga maola mpaka 24. Amene muli ndi anthu ku London, panopa atsalira ndi maola awiri.

Wa situdiyo ku Nchalo:
Foni ichajidwe yodzaza, bandulo ya 500 MB ikwana ndi kutsala. Mukhale moyang'ana kumene kukuchokera kuwala kuti nkhope zioneke, ulimba uli pambali. Akapempha kuti aimbe, aimbe pang'ono, koma amuuze kuti pa kolo mawu a chida amadukaduka, zomveka bwino zili mu MP3. Netiweki ikavuta, zimitsani vidiyo mukatha kuonana nkhope, mupitirize ndi mawu okha.